Dongo Lotsindira Limagwira Madzi, Koma Mcere Umadutsa

Miyezi ya cilimwe, kuyambira pamene takolola kufikira mvula yoyamba, ndiyo nthawi imene ambiri a ife timakumba maenje a pa famu: dzenje lolandira mkodzo ndi madzi otsukira khola la nkhumba, dzenje lowoletsera manyowa, dzenje lotayiramo madzi otha nchito a ku dibi la ng'ombe. Pa maphunziro athu timalangiza kuti pansi ndi m'mbali mwa maenje otere muziikidwa dongo lotsindira bwino, ndipo langizo limeneli likadali comweco. Koma pambali pake pamamera cikhulupiriro cina, cakuti dzenje likasunga madzi miyezi itatu osaphwa, ndiye kuti palibe cotulukamo, ndipo citsime cikhoza kukumbidwa pafupi pomwepo popanda nkhawa. Cikhulupiriro cimeneci ndi colakwika. Madzi ndi cinthu cina, zimene zasungunuka m'madzimo ndi cinthu cinanso, ndipo ziwirizi siziyenda ulendo umodzi nthawi zonse.

Zimene zili m'madzi a m'dzenje

Mayi wodziwa kukonza cidulo amathira madzi pa phulusa, madziwo nadontha pansi ali ndi mphamvu yofewetsa therere. Phulusa latsala m'mbale yobowola ija, koma cina cake cacoka m'phulusamo ndi kulowa m'madzi, ndipo ngakhale mutasefa cidulo ndi nsalu yothina motani, mphamvu imeneyo simungaicotse. Mvula ikagwa pa mulu wa manyowa kapena pa dzala la zinyalala imacita comweco. Madzi akuda amene amatuluka pansi pake ndi cidulo ca zinyalala.

Cimene cimalowa m'madzi ndi ciani? Titenge mcere wa pa ndiwo. Ukasungunuka sukhala tizidutswa ta mcere toyandama ayi. Umagawika pawiri, kukhala sodium ndi chloride, ndipo ciliconse mwa ziwirizi cimanyamula kamphamvu ka magetsi, sodium ka mtundu wa plus, chloride ka mtundu wa minus, monga mmene zilili nsonga ziwiri za batire. Tinthu totere akatswiri amati ma-ion. A mtundu wa plus amene amatikhudza pa famu ndi sodium, potassium, calcium, magnesium ndi ammonium, kuphatikizapo zitsulo monga mtovu ndi mkuwa. A mtundu wa minus ndi chloride, nitrate ndi sulphate. Ena mwa maina amenewa mwawaona kale pa matumba a feteleza. Mkodzo wa ziweto uli ndi urea, yemweyo amene timagula wobereketsa cimanga, ndipo m'masiku owerengeka amasanduka ammonium. Ammonium akafika pamalo pamene pali mpweya, tizilombo ta m'nthaka timamusandutsa nitrate.

Kucepa kwa ma-ion n'kovuta kukuganizira. Kambewu kamodzi ka dongo sikaposa milimita 0.002. Kacilombo ka bakiteriya kamakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Ion, pamodzi ndi madzi amene amaikuta, siifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Cotero mpata umene bakiteriya amakanika kulowamo, kwa chloride ndi msewu waukulu. Ici ndico cifukwa cake dongo limasefa bwino tizilombo tambiri ta matenda, koma silisefa mcere.

Maulendo awiri

Pali njira ziwiri zimene zosungunuka zimadutsira khoma la dongo. Yoyamba timaidziwa tonse: madzi amalowerera, nanyamula zonse zimene zili m'kati mwake. Lamulo la ulendo umenewu linalembedwa m'caka ca 1856 ndi Henry Darcy, injiniya wa ku France amene anakonza za madzi a mumzinda wa Dijon. Iye anadutsitsa madzi m'mipope yodzaza mcenga, napeza kuti kuculuka kwa madzi odutsa kumadalira zinthu zitatu: kumasuka kwa dothi, kuya kwa madzi amene akukankha pamwamba, ndi kucindikala kwa dothi limene madziwo ayenera kupyola. Kutsindira dongo kumalimbana ndi ulendo woyambawu, ndipo kumalimbana nawo mwamphamvu. Mcenga wa kumtsinje umadutsitsa madzi kuposa dongo lotsindira bwino nthawi 100,000 kapena kuposerapo.

Maiko ambiri anagwirizana pa muyezo umodzi wa dongo loyenera kuyalidwa pansi pa malo aakulu otayirako zinyalala za m'mizinda. Tikaumasulira m'mau a tsiku ndi tsiku, muyezowo ukunena kuti madzi ongonyowetsa pamwamba pa dongolo asatsike kuposa masentimita 3 pa caka. Lamulo la maiko a European Union la 1999 limafuna dongo lotere locindikala mita imodzi pansi pa zinyalala wamba, ndi mamita 5 pansi pa zinyalala zoopsa. Ku America lamulo limafuna masentimita 60 a dongo, ndi pulasitiki yolimba pamwamba pake.

Tisapitirire tisanaone kanthu kena. Masentimita 3 aja ndi a madzi osaya. Dzenje lathu likakhala ndi dongo la masentimita 30 ndi madzi akuya mita imodzi, kukankha kumakula kanayi ndi pang'ono, ndipo madzi otsika amafika masentimita 13 pa caka. Kuno kwathu dzuwa lokha limamwa madzi oposa mita imodzi pa caka pa dziwe losaphimba. Kodi mlimi angasiyanitse bwanji ndi maso masentimita 13 olowa pansi ndi mita yathunthu yopita kumwamba? Sangathe. Dzenje looneka ngati silikutha madzi likhoza kukhala likudontha ndithu.

Ulendo waciwiri ndiwo mutu wa phunziro lino, ndipo ndi wobisika kuposa woyamba. Taganizani za nsomba imene msodzi waipaka mcere kuti aiyanike. Mcere wauika kunja kokha, koma pakapita masiku angapo mnofu wa pafupi ndi fupa nawonso umamveka mcere. Palibe madzi amene analowa m'nsombamo kuti anyamule mcerewo. Kunena zoona, madzi anali kutuluka, pamene mcere unali kulowa. Unayenda wokha, kucokera kumene unali wambiri kupita kumene unali wocepa, ngakhale motsutsana ndi madzi.

Cifukwa cake n'cakuti m'madzi palibe cimene cimakhala cete. Ngakhale madzi a mumtsuko aoneke odikha, tinthu take tosaoneka timanjenjemera ndi kugundana usana ndi usiku, ndipo ion iliyonse imakankhidwira uku ndi uko popanda colinga. Ion payokha siidziwa kumene ikupita. Koma ngati mbali imodzi kuli ma-ion 1,000 ndipo mbali ina kuli 10, amene adzasocerera kucoka koculuka kupita kocepa adzakhala ambiri kuposa obwerera. Pang'ono ndi pang'ono mcere umasamuka. Akatswiri amati diffusion, ndipo ife m'phunziro lino tizinena kuti kufalikira. Lamulo lake linalembedwa ndi Adolf Fick, katswiri wa za thupi la munthu wa ku Germany, m'caka ca 1855, caka cimodzi Darcy asanalembe lake. Iye anayesa ndi mcere womwewu wa pa ndiwo m'macubu a madzi, napeza kuti kufalikira kumakula pamene kusiyana kwa mbali ziwiri kuli kwakukulu, ndipo kumacepa pamene mtunda uli wautali.

Tsono dongo, ngakhale tilitsindire mpaka manja atatupa, silisanduka galasi. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dongo lotsindira ndi timipata, ndipo timipatato ndi todzaza madzi olumikizana kucokera mbali ya dzenje kufikira mbali ya kunja. Madziwo akhoza kuima osasuntha, popeza timipata ndi tothina kwambiri, koma ion imayendabe m'madzi oimawo. Imangocedwa cifukwa njira yake ndi yokhotakhota, monga munthu wodutsa m'munda wa nzimbe. M'dongo lotsindira chloride amafalikira pa liwiro la pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a liwiro lake m'madzi okhaokha.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kutsindira kumacepetsa kuyenda kwa madzi nthawi zikwizikwi, koma kufalikira kumakucepetsa pang'ono cabe. Pa dongo la muyezo wa masentimita 3 uja, maulendo awiriwa amafanana mphamvu. Tikapeza dongo labwino koposa, lothina kakhumi, madzi odutsa adzacepa kakhumi, koma kufalikira kudzatsala pafupifupi mmene kunalili. Pali malire amene mtsindiro sungapyole.

Kucindikala ndiko kumagula nthawi

Ngati kutsindira sikuletsa kufalikira, n'ciani cingathandize? Yankho lili m'masamu osavuta amene aliyense angacite pa pepala. Nthawi imene kufalikira kumatenga siikula molingana ndi mtunda. Imakula molingana ndi mtunda woculukitsidwa ndi mtunda womwewo. Dongo likacindikala kawiri, nthawi imatalika kanayi. Likacindikala katatu, nthawi imatalika kasanu ndi kanayi.

Tengani kucindikala kwa dongo m'masentimita, muculukitse nambalayo ndi iyo yomwe, kenaka mugawe ndi 160. Yankho lake ndi zaka zimene zidzapita kuti madzi a kuseri kwa dongolo akhale ndi pafupifupi theka la chloride amene ali m'dzenje. Nambala ya 160 ndi yapakatikati, popeza dongo lina limapereka 100, lina 300, ndipo kutentha kumafulumizitsa zonse. Koma yatikwanira kuti tione cithunzi. Dongo longozira la masentimita 10 limapereka miyezi 7 kapena 8. La masentimita 30 limapereka zaka zosakwana 6. La masentimita 60 limapereka zaka 22, ndipo la mita imodzi zaka zoposa 60. Kumbukiraninso kuti mcere suyembekeza kufika theka kuti uyambe kuoneka. Mukagawa zaka zimenezi ndi 8 mudzapeza nthawi imene gawo limodzi mwa magawo 20 limafika kuseri: mwezi umodzi pa masentimita 10, miyezi yosakwana 9 pa masentimita 30, zaka pafupifupi 3 pa masentimita 60, zaka 8 pa mita. Masamuwa akuwerengera kufalikira kokha, ngati kuti madzi sakuyenda konse. M'dzenje lenileni maulendo awiri aja amathandizana, ndipo nthawi imafupika.

Taona alimi akhama akuthera masiku atatu akupukuta ndi kusalaza dongo la masentimita 10 mpaka linyezimire ngati pansi pa nyumba ya mkwatibwi. Nchito yomweyo ikanapita ku kututa ngolo zina za dongo ikanapindula kwambiri. Khoma lopyapyala lokongola limagonja kwa khoma lokhuthala losaoneka bwino.

Tiyenera kunenanso cilungamo ca mbali ina, kuti wina angaganize kuti dongo lilibe phindu. Cimene cimadutsa mwa kufalikira ndi cocepa. Tiyerekeze dzenje limene pansi ndi m'mbali mwake mukukwana masikweya mita 50, lokhala ndi dongo la masentimita 30, ndipo madzi ake ali ndi galamu imodzi pa lita ya ion imene dongo siligwira. Kufalikira kukakhazikika, padzadutsa magalamu pafupifupi 20 pa sikweya mita pa caka, ndiko kuti kilogalamu imodzi pa dzenje lonse. Dzenje lopanda dongo, lokumbidwa pa mcenga, likhoza kutaya zoposa pamenepo tsiku limodzi. Komabe kilogalamu imodzi si yonyozeka. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linaika malire a nitrate m'madzi akumwa pa mamiligalamu 50 pa lita. Kilogalamu imodzi ya nitrate ikukwanira kufikitsa malita 20,000 a madzi abwino pa malire amenewo, ndiwo madiramu pafupifupi 100. Ngati pansi pa dzenje pakuyenda madzi ambiri, zodutsazo zimasungunuka ndi kucepa mphamvu. Ngati pali kacitsime kosaya kamene kamakoka madzi ocepa a pamalo pomwepo, zimasonkhana mumtsuko wa banja.

Amene amatsogola ndi amene amatsalira

Ma-ion onse sayenda mofanana, ndipo cifukwa cake cili m'dongo lenilenilo. Timbewu ta dongo tili ngati timapepala tosanjikizana, ndipo nkhope zake zimanyamula mphamvu ya minus. Plus ndi minus zimakokana, minus ndi minus zimakankhana. Motero ammonium, potassium, mtovu ndi mkuwa zikalowa m'dongo zimamatirira ku nkhope zija ndi kucedwa m'njira, pamene chloride ndi nitrate zimangodutsa osapatsidwa moni. Mlimi amazidziwa kale zimenezi ngakhale sanazichule maina: ndico cifukwa cake feteleza wobereketsa amakokoloka msanga mvula ikaculuka, ndipo timacedwa kumuthira mpaka cimanga citakula.

Umboni womveka bwino unacokera ku Canada, pafupi ndi mzinda wa Sarnia m'cigawo ca Ontario. Kumeneko zinyalala za mumzinda zinatayidwa m'dzenje lokumbidwa m'dongo lacilengedwe lakuya kwambiri, lothina kotero kuti madzi anali kuyenda pang'ono zedi. Akatswiri a pa University of Western Ontario, motsogozedwa ndi Robert Quigley, anabowola pansi pa zinyalalazo, natulutsa dongo, nalidula m'zigawo, nafinya madzi a cigawo ciliconse kuti aone zimene zinalimo. Patapita zaka pafupifupi 15 cikhalire zinyalalazo, chloride anali atalowa m'dongo kupyola mita imodzi, ndipo kuculuka kwake kunali kutsika mwadongosolo kucokera pamwamba kupita pansi monga mmene lamulo la Fick limanenera. Zitsulo monga mtovu, mkuwa ndi zinc zinali zisanapyole masentimita 20. Anapezanso cinthu cina cocititsa cidwi. Ma-ion a plus ocokera m'zinyalala pomatirira ku dongo anali kulanda malo a calcium ndi magnesium amene analipo kale, ndipo awa anali kukankhidwira patsogolo. Cotero madzi a kutsogolo amayamba kulimba, osacita thovu la sopo, zoipa zenizeni zisanafike.

Mphamvu ya dothi yogwira zitsulo ili ndi nkhope ziwiri, ndipo ife a m'Zambia sitifunika kupita ku Canada kuti tione. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa m'caka ca 1994, koma mtovu ukadali m'dothi la pamwamba m'makomboni ozungulira, pamene ana amasewera, cifukwa dothi linaugwira ndipo sulowa pansi msanga. Cimene dongo lagwira silinaciwononge. Langocisunga.

Kugwirako kulinso ndi malire. Malo omatirirapo ndi owerengeka, ndipo akadzaza, ammonium wobwera pambuyo amapitirira. Madzi a asidi amamasula zitsulo zimene zinagwidwa kale. Ndiponso ammonium amene wasonkhana m'dongo la pansi pa dzenje amakhala cete pamene dongolo lili lonyowa ndi lopanda mpweya, koma dzenje likasiyidwa ndi kuuma, mpweya umalowa, ammonium nasanduka nitrate, amene dongo silimugwira. Mvula yotsatira imamutengera pansi. N'cifukwa cake dzenje lakale losiyidwa nthawi zina limaipitsa madzi kuposa pamene linali pa nchito.

M'mwezi wa Febuluwale 2025 dziwe la zotsalira za mgodi linaphulika ku Chambishi, madzi a asidi nathamangira mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi, ndipo dziko lonse linamva. Ngozi yotere imaoneka ndi maso tsiku lomwelo. Kufalikira kulibe tsiku lotere. Akuluakulu anati cakudza siciimba ng'oma.

Katondo kapena makande

Ophunzira amafunsa kawirikawiri kuti dongo labwino ndi liti. Ambiri amathamangira makande akuda a kudambo, onga aja a m'cigwa ca Kafue, cifukwa amamata kwambiri ndipo madzi amaima pamwamba pake. Ndi zoona kuti makande ali ndi malo ambiri ogwirira ma-ion a plus, kangapo kuposa katondo wofiira wa kumtunda, ndipo akanyowa amatupa ndi kutseka timipata. Koma pitani kudambo mu Okutobala mukaone ming'alu yolowa dzanja. Dongo limene limatupa kwambiri limafotanso kwambiri. Mng'alu umodzi wopyola khoma umathetsa masamu onse amene tacita pamwambapa, pakuti madzi sadzavutikanso ndi timipata, adzangotsata mng'aluwo. Madzi a mcere wambiri, makamaka a calcium, amacepetsanso kutupa kwa makande, kotero khoma limene linali lothina poyesedwa ndi madzi a mvula likhoza kumasuka likakumana ndi madzi a m'dzenje. Katondo sagwira ma-ion ambiri, koma sasintha mtima: satupa kwambiri, sang'ambika kwambiri. Kwa dzenje limene limaphwa ndi kudzaza caka ndi caka, ife timakonda katondo wa dongo lambiri, kapena dothi la pa culu, kapena makande osakaniza ndi mcenga pang'ono, kuposa makande okhaokha.

Kayalidwe kake n'kofunika monga mtundu wa dongo. Linyowe pang'ono kuposa la njerwa zofinya ndi makina, kufikira loti mukaliumba m'manja ngati cingwe ca kukula kwa cala limapindika osaduka, koma losatuluka madzi. Zibuma zonse ziphwanyidwe, miyala ndi mizu zicotsedwe, popeza madzi amadutsa m'mphepete mwa cibuma cosaphwanyika. Liyalidwe m'magawo osaposa masentimita 15, ndipo potsindira ndi manja masentimita 10 ndiwo abwino. Gawo lililonse likatsindiridwa likandidwe pamwamba ndi khasu lisanalandire linzake, kuti awiriwo alumane. Pomaliza khoma liphimbidwe tsiku lomwelo ndi dothi wamba la masentimita 20 kapena 30, kuti dzuwa lisalione. Mitengo ikhale kutali, ndipo ciswe ciyang'aniridwe.

Nanga pulasitiki? Pulasitiki yokhuthala ya mtundu wa HDPE, imene amayala pa madamu a migodi ndi pa malo amakono otayirako zinyalala, ilibe timipata ta madzi, cotero ma-ion saidutsa mwa kufalikira kupatula pang'ono posawerengeka. Kufooka kwake ndi kubooka, ndipo mankhwala ena a mtundu wa mafuta, onga osungunulira penti, amatha kulowa m'pulasitiki yeniyeniyo ndi kutulukira kuseri. N'cifukwa cake mainjiniya amaika ziwirizi pamodzi, pulasitiki pamwamba, dongo pansi, kuti cina citseke pamene cinzake calephera. Pepala lakuda lopyapyala la m'sitolo si HDPE, ndipo khasu limodzi pocotsa manyowa limalimaliza.

Dzenje ndi citsime

Lamulo la Fick linachula zinthu ziwiri, mtunda ndi kusiyana kwa mbali ziwiri, ndipo ife tawonjezapo nthawi. Za mtunda wa m'dongo tanena. Kusiyana ndi nthawi zili m'manja mwa mlimi tsiku lililonse. Dzenje limene limakhuthulidwa kawirikawiri, madzi ake napita kumunda wa nthoci kapena wa udzu wa ziweto, silipatsa ma-ion nthawi yokhala pa khoma, ndipo nayitirojeni amene akanaipitsa citsime amakadyetsa mbewu. Denga la udzu pamwamba pa dzenje la manyowa limaletsa mvula kupanga cidulo cija. Mabatire akutha, mafuta a injini ndi zigubu za mankhwala ophera tizilombo siziyenera kuponyedwa m'dzenje la manyowa, pakuti dongo la pa famu silinapangidwire zimenezo. Za madzi otha nchito a ku dibi, funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu musanakumbe, ndipo pa zinyalala zoopsa bungwe loyang'anira ndi ZEMA.

Malangizo ofala a zaumoyo amanena kuti cimbudzi kapena dzenje la zonyansa likhale mamita osacepera 30 kucokera pa citsime, kumunsi kwake, ndipo pansi pa dzenje pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a pansi pa nthaka. Muyezo wa madziwo utengedwe mu Malici pamene akwera, osati mu Okutobala. Tidziwe kuti mamita 30 amenewa anaikidwa makamaka poganizira tizilombo ta matenda, timene timafa m'njira tikacedwa. Nitrate ndi chloride sizifa. Pa nthaka ya mcenga, ndi pa miyala ya laimu yokhala ndi mapanga ngati imene mzinda wa Lusaka wakhalapo, madzi amathamanga pansi ndipo mamita 30 ndi ocepa. Amene ali ndi malo awonjezere.

Coopsa ca nitrate n'cakuti alibe mtundu, fungo kapena kukoma. Madzi amaoneka oyera mbee. Munthu wamkulu sangamve kanthu, koma khanda la miyezi yosakwana 6 limene likumwa mkaka wa m'citini kapena phala lamadzi losungunulidwa ndi madzi otere likhoza kudwala matenda amene magazi amalephera kunyamula mpweya, milomo ndi zala nizicita bii. Khanda lotere lithamangitsidwe kucipatala. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo koma sikucotsa nitrate, ndipo madzi akaphwa pa moto nitrate amaculukirapo. Klorini nayenso samucotsa.

Popeza lilime silingatithandize, tiyenera kuyeza. Chloride ndiye mthenga wotsogola, ndipo kacipangizo ka m'thumba koyezera mcere wa m'madzi, kamene alimi a ulimi wothirira amagwiritsa nchito, kamaonetsa kusintha lilime lisanamve, pakuti mcere umayamba kumveka m'kamwa utafika kale mamiligalamu 200 kapena 300 pa lita. Palinso timapepala toviika m'madzi timene timasintha mtundu molingana ndi nitrate. Kalabu ya alimi ikhoza kugula zimenezi pamodzi. Nambala ya tsiku limodzi siinena zambiri. Cofunika ndi kuyeza citsime dzenje lisanayambe nchito, kenaka kawiri pa caka, kumapeto kwa cilimwe ndi kumapeto kwa dzinja, ndi kulemba zonse m'buku la famu pamodzi ndi tsiku limene dzenje linakumbidwa ndi kucindikala kwa dongo lake. Nambala zikayamba kukwera caka ndi caka, ngakhale zisanafike pa malire, madzi a makanda atungidwe kwina ndipo botolo la madziwo lipite kwa a zaumoyo kuti akaliyeze mokwanira.

Tsiku lotseka dzenje likafika, musangolikwirira. Khuthulani zonse, palani dongo la m'kati la masentimita 15 kapena 20, limene ladzaza ammonium ndi potassium, ndipo ngati dzenjelo linali la manyowa okhaokha, mwazani dongolo mopyapyala m'munda wa cimanga mvula isanagwe. Dongo la m'dzenje la dibi lisapite kumunda. Kenaka dzazani dzenje ndi dothi, mulitsindire, ndi kuliumba ngati kamtumbira kuti mvula izitsetserekera kumbali. Pitirizani kuyeza citsime zaka zingapo pambuyo pake, cifukwa mcere umene unalowa kale m'dongo la pansi udzapitiriza ulendo wake ngakhale pamwamba patamera maungu.